KUSANKHA CHIGAYO CHA MSINKHU WOYENERA KWA MUNTHU WONGOYAMBA KUMENE

Mau Oyamba

Chaka ndi chaka, misika ya fodya, soya ndi thonje ikatsekedwa, alangizi ambiri m'chigawo chathu chino amalandira alendo a mtundu umodzi. Amabwera mlimi amene wakolola bwino, kapena mphunzitsi amene wangopuma kumene pa ntchito, kapenanso gulu la amayi limene lakhala likusonkha ndalama kwa zaka zingapo. Onsewa funso lawo ndi limodzi: "Alangizi, tikufuna kugula chigayo. Kodi tigule chachikulu bwanji?" Kawirikawiri mlangizi, poti anaphunzira za mbewu ndi ziweto osati za makina, amangoti, "Kafunseni kwa ogulitsa." Komatu wogulitsa ali ndi katundu wake amene akufuna kuti achoke m'sitolo, ndipo mudzi umene chigayocho chikaikidwe sanauonepo.

Nkhani imeneyi si yaing'ono. Pogula chigayo banja limagulitsa ng'ombe, limatenga ngongole, mwinanso kupereka nyumba ngati chikole. Likalakwitsa pa msinkhu wa makinawo, chuma cha zaka khumi chimathera mu chitsulo chimene chimangochita dzimbiri m'chisakasa. Cholinga cha nkhani ino ndi kupatsa alangizi njira yosavuta yothandizira munthu wongoyamba kumene kuti awerengere yekha chigayo chomuyenera, kaya ali ku Mchinji, ku Katete, ku Angónia kapena ku Mutoko.

M'mene Zigayo Zinafalira

Zigayo zing'onozing'ono zinachuluka kwambiri pamene maboma anayamba kumasula malonda a chimanga. Ku Malawi, m'chaka cha 1987, amalonda wamba analoledwa kugula ndi kugulitsa mbewu za alimi ang'onoang'ono pambali pa bungwe la ADMARC. Ku Zambia, boma litaleka kuthandizira mtengo wa ufa wa m'matumba kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1990, mabanja ambiri anaona kuti kugula chimanga ndi kukagayitsa okha n'kotsika mtengo. Ku Zimbabwe, malamulo oletsa kulowetsa chimanga m'mizinda atachotsedwa mu 1993, zigayo zinabuka m'makomboni ambiri. Masiku ano n'kovuta kupeza malo a malonda opanda chigayo. Izi zikutanthauza kuti munthu amene akuyamba lero sakulowa m'munda wopanda mwini: akukagawana anthu ndi zigayo zimene zilipo kale.

Kagwiridwe ka Ntchito ka Chigayo cha Nyundo

Chigayo chofala m'midzi yathu ndi cha nyundo. M'kati mwake muli shafuti imene yamangiriridwa tizitsulo taphanthiphanthi, timene timatchedwa nyundo. Shafutiyo ikamazungulira, kawirikawiri maulendo 3,000 mpaka 3,600 pa mphindi, nyundozo zimamenya chimanga ndi kuchiphwanya. Kuzungulira nyundozo kuli sefa wachitsulo. Chimene chaphwanyika mokwanira chimatuluka pa timabowo ta sefayo, ndipo fani imauluzira ufawo mu chimgolo chosongoka kunsi, chimene amisiri amachitcha saikoloni, m'mene ufa umalekana ndi mpweya ndi kugwera mu chotengera.

Motero kukula kwa chigayo si kutalika kwake kapena kulemera kwa chitsulo chake. Kukula kwenikweni kwagona pa zinthu zitatu zimene ziyenera kugwirizana: mphamvu ya injini kapena mota, kukula kwa mimba ya chigayo pamodzi ndi sefa wake, ndiponso liwiro la shafuti. Chimodzi mwa zitatuzi chikasiyana ndi zinzake, chigayo sichigwira ntchito monga wogulitsa analonjezera.

Mphamvu imayesedwa ndi mahosipawa kapena makilowati. Hosipawa imodzi ndi pafupifupi magawo atatu a magawo anayi a kilowati imodzi. Tsono mota ya makilowati 15 ndi ya mahosipawa 20, ndipo ya makilowati 7.5 ndi ya mahosipawa 10. Pogaya chimanga chouma bwino ndi sefa wa timabowo ta milimita imodzi, hosipawa iliyonse imagaya makilogalamu a pakati pa 12 ndi 18 pa ola. Powerengera munthu wongoyamba kumene ndi bwino kutenga nambala yaing'onoyo, ya 12, chifukwa nyundo zimatha, malamba amakhwepa, ndipo wogayitsa watsopano sanazolowere kuthira chimanga moyenera.

Dziwaninso kuti sefa amasintha zonse. Chigayo chomwecho chikaikidwa sefa wa mamilimita atatu, wogayira chakudya cha ziweto, chimatulutsa kowirikiza kawiri kapena kuposerapo. Ogulitsa ena amatchula nambala ya sefa wamkuluyu pouza wogula za mphamvu ya chigayo chawo. Ndiye munthu akauzidwa kuti chigayo chimagaya makilogalamu 500 pa ola, funso loyamba likhale lakuti: "Ndi sefa uti?"

Yambani ndi Kuwerenga Anthu, Osati Mahosipawa

Chigayo chimadya chimanga cha anthu a m'mudzi, ndipo chimangacho sichichuluka chifukwa chakuti makina akula. Choncho ntchito yoyamba ya mlangizi ndi kukhala pansi ndi wogulayo ndi kuwerenga mabanja. Tsatani njira iyi:

1. Werengani mabanja onse okhala pa mtunda umene mayi angayende atasenza ndowa ya chimanga, kapena mwana atakweza thumba pa njinga. Mafumu ndi makomiti a chitukuko a m'midzi ali ndi kaundula wa mabanja.

2. Chotsanipo mabanja amene ali pafupi ndi chigayo china, ndi amene mtsinje umawatsekereza nthawi ya dzinja.

3. Yerekezani kuti banja la anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi limadya thumba limodzi la makilogalamu 50 pa mwezi. Kumene anthu amadyanso kondoole, mpunga kapena mapira, funsani amayi kuti akuuzeni muyeso weniweni.

4. Gawani zonsezo ndi masiku 26 ogwira ntchito pa mwezi.

5. Wirikizani kawiri kuti mupeze ntchito ya tsiku lotanganidwa, monga tsiku la msika, Loweruka, kapena masiku oyandikira Khirisimasi, maukwati ndi zinamwali.

6. Gawani ndi maola asanu ndi limodzi, popeza ngakhale chigayo chitsegulidwe m'mawa mpaka madzulo, maola ogaya enieni saposa pamenepo kawirikawiri.

Mwachitsanzo, tinene kuti mabanja amene atsala mutachotsa a zigayo zina ndi 300. Pa mwezi adzabweretsa makilogalamu 15,000, amene ndi pafupifupi 580 pa tsiku. Tsiku lotanganidwa ndi 1,160. Tikagawa ndi maola asanu ndi limodzi tipeza pafupifupi makilogalamu 190 pa ola. Tikagawanso ndi 12 tipeza mahosipawa 16. Ameneyu ndiye msinkhu wa chigayo cha mudzi umenewu. Nambala za m'chitsanzochi ndi zongophunzitsira. Mlangizi aliyense aikemo za dera lake.

Kuipa kwa Chigayo Chokula Mopitirira

Anthu ambiri amaganiza kuti kugula chachikulu ndiko kukonzekera za mawa. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Tiyeni tione chimene chingachitike m'mudzi wa mabanja 300 uja munthu atagula chigayo cha mahosipawa 40.

Anthu athu sagayitsa ndi matani, amagayitsa ndi ndowa. Ndowa ya malita 20 imalowa chimanga cha makilogalamu 15 mpaka 18, malinga ndi kadzazidwe kake. Ife titenge 16. Makilogalamu 580 aja ndi ndowa 36 pa tsiku. Chigayo cha mahosipawa 16 chimamaliza ndowa imodzi pa mphindi zisanu, pamene cha mahosipawa 40 chimamaliza pa mphindi ziwiri. Koma pakati pa munthu ndi mnzake pamapita mphindi zinanso ziwiri: mwini ufa agogode saikoloni kuti ufa wake wonse ugwe, achotse chotengera, wina aike chake. Nthawi imeneyi sichepa ngakhale chigayo chikule bwanji. Ndiye chigayo chachikulucho theka la nthawi yake chimangolira chopanda kanthu, pamene injini ya dizilo yozungulira popanda katundu imamwabe pafupifupi gawo limodzi la magawo anayi a mafuta amene imamwa ikamagwira ntchito yolemera.

Injini ya dizilo imamwa pafupifupi lita imodzi pa ola pa mahosipawa asanu aliwonse amene ikugwiritsa ntchito. Tikawerengera, chigayo chaching'onocho chimwa malita pafupifupi 11 pa tsiku, chachikulucho pafupifupi 12. Kusiyana kwa mafuta si kwakukulu koopsa, ndipo tisanamize alimi kuti vuto lagona pamenepo. Vuto lenileni ndi ngongole.

Popeza ndalama za maiko athu ndi zosiyana ndipo mitengo imasinthasintha, ndi bwino kuwerengera ngongole ndi ndowa. Ndowa 36 pa tsiku ndi ndowa 936 pa mwezi. Tinene kuti mwini atalipira mafuta, wantchito ndi zokonzera, amatsala ndi theka la ndalama, ndiye kuti mtengo wa ndowa 468. Ngati ngongole ya chigayo chaching'ono imafuna mtengo wa ndowa 300 pa mwezi, mwiniyo atsala ndi 168. Koma ngati chachikulu chagulidwa pa mtengo wowirikiza, ngongole yake ifuna ndowa 600, ndipo mwezi uliwonse adzapereweza 132. Adzayamba ndi kugulitsa mbuzi, kenaka ngolo, potsiriza chigayo chomwecho pa mtengo wolira. Kumbukiraninso kuti m'miyezi ya Januwale mpaka Malichi, nkhokwe zikatha, ogayitsa amachepa kwambiri koma ngongole sichepa. Ngakhale wa chigayo chaching'ono ayenera kusunga ndalama za miyezi ya pambuyo pa kukolola kuti adzalipire ngongole ya miyezi ya njala.

Palinso zovuta zina ziwiri. Injini ya dizilo imene imakhalira kugwira ntchito yopepuka siitentha mokwanira. Imachita mwaye m'kati, imatulutsa mafuta akuda ku mpope wa utsi, ndipo imatha msanga. Chachiwiri, chigayo cha mimba yaikulu chimasunga ufa wambiri m'kati mwake. Mayi amene wabweretsa kachitini ka malita asanu akaona kuti ufa wake wachepa, sanena kanthu, koma mawa amapita kwina ndipo anzake amam'tsatira.

Kuipa kwa Chigayo Chochepa Mopitirira

Kuchepetsa nakonso kuli ndi tsoka lake. Chigayo cha mahosipawa 6 chimagaya makilogalamu pafupifupi 72 pa ola, ndiye kuti ndowa imodzi imatenga mphindi 13, kuonjezapo ziwiri zosinthira anthu. Ndowa 36 zidzafuna maola asanu ndi anayi osapumira, ndipo ntchito ya tsiku la msika singatheke n'komwe. Wogayitsa akaona mzere watalika, amathira chimanga mokakamiza. Pamenepo liwiro limatsika, malamba amaterereka ndi kununkha, ufa umatuluka wotentha, ndipo mota imapsa. Kukulunganso waya wa mota yopsa kumadya phindu la miyezi ingapo, ndipo pa masabata amene chigayo chaima anthu amazolowera njira ya kwina.

Magulu Atatu a Zigayo

Kuti malangizo asavute, zigayo tingaziike m'magulu atatu.

Gulu loyamba ndi la mahosipawa osaposa 5. Izi ndi za pakhomo: kugaya chakudya cha nkhuku ndi nkhumba, ufa wa banja ndi wa anansi ochepa. Kwa mlimi wa ziweto amene sakufuna kuchita malonda ogayitsa, chimenechi ndi chokwanira, ndipo chingayende ndi magetsi a m'nyumba.

Gulu lachiwiri ndi la mahosipawa 10 mpaka 20. Ichi ndicho chigayo cha m'mudzi, chotumikira mabanja mazana awiri kapena anayi. Ambiri mwa ongoyamba kumene malo awo ndi ano.

Gulu lachitatu ndi la mahosipawa 25 kupita m'tsogolo. Izi ndi za pa malo a malonda pamene mzere sutha, kapena za munthu amene amagula chimanga chake, kugaya ndi kugulitsa ufa wa m'matumba kwa masukulu ndi masitolo. Munthu asalowe m'gulu limeneli asanakhale ndi msika wodziwika, ndiponso asanafunse za malamulo a dziko lake okhudza ukhondo ndi muyeso wa ufa wogulitsa.

Dizilo Kapena Magetsi

Msinkhu wa chigayo umadaliranso mphamvu imene ilipo pamalopo. Magetsi a m'nyumba m'maiko athu ndi a fezi imodzi, a mavolti 220 mpaka 230. Amenewa sangayendetse bwino mota yoposa mahosipawa atatu mpaka asanu. Chigayo cha gulu lachiwiri chimafuna magetsi a mafezi atatu, a mavolti 380 mpaka 400. Mota ya mahosipawa 10 imakoka maampeya pafupifupi 15, ya mahosipawa 20 pafupifupi 29. Koma pa nthawi yoliza, mota yolumikizidwa mwachindunji imakoka kasanu ndi kamodzi kapena kasanu ndi kawiri kuposa pamenepo. N'chifukwa chake mota zazikulu zimaikidwa sitata ya star-delta, imene imachepetsa kukokako kufika pa gawo limodzi la magawo atatu. Sitatayo ikhale ndi chozimitsa chokha mota ikalemedwa kapena fezi imodzi ikathawa, pakuti mota zambiri zimapsa chifukwa choyenda ndi mafezi awiri.

Munthu asagule mota asanapite ku ofesi ya magetsi, kaya ndi ESCOM, ZESCO, EDM kapena ZESA, kukafunsa ngati thiransifoma ya m'deralo ingathe kunyamula chigayo chake, ndi ndalama zimene zifunike kuti amukokere mawaya. Nthawi zina ndalama zokokera magetsi zimaposa mtengo wa chigayo chenichenicho.

Kumene kulibe magetsi, kapena kumene amazimazima, ambiri amagula injini ya dizilo ya silinda imodzi. Kale zinali zofala za mtundu wa Lister zochokera ku England ndi zofanana nazo zopangidwa ku India. Tsopano zachuluka za ku China, monga S195 ya mahosipawa 12 ndi ZS1115 ya mahosipawa pafupifupi 20. Apa pali mfundo imene ambiri saidziwa: nambala yolembedwa pa injini inayesedwa ku malo otsika, kufupi ndi msinkhu wa nyanja yamchere. Kumtunda mpweya ndi wopepuka, ndipo injini yopanda thebo imataya pafupifupi gawo limodzi pa magawo 100 a mphamvu zake pa mamita 100 aliwonse okwera. Mzinda wa Lilongwe uli pa mamita pafupifupi 1,050, Lusaka 1,280, Harare 1,490, ndipo Dedza pafupifupi 1,600. Tsono injini ya mahosipawa 20 ikafika ku Dedza imapereka pafupifupi 17, ndipo malamba amadyapo pafupifupi imodzi. Chotsala ndi 16. Choncho mudzi wathu wa mabanja 300 uja, ukakhala kumapiri, ufuna chigayo cha mahosipawa 16 chokokedwa ndi injini yolembedwa 20. Ku zigwa zotsika monga Nsanje ndi mzinda wa Tete kutaya kwa mtundu umenewu ndi kochepa, koma kutentha kopitirira madigiri 30 nakonso kumachepetsa mphamvu, ndipo injini imafuna madzi ozizitsira ambiri.

Onaninso kuti injini zina zimalembedwa nambala ziwiri: mphamvu imene ingapereke kwa ola limodzi, ndi imene ingapereke kwa maola 12. Ya chigayo ndi yachiwiriyo, imene ndi yocheperapo.

Zigayo zoyendera dzuwa nazonso zafika. M'chaka cha 2015 boma la Zambia linayamba ntchito yoika zigayo zotere m'midzi kudzera ku bungwe la Zambia Cooperative Federation. Powerengera chigayo cha dzuwa chopanda mabatire, kumbukirani kuti chimagaya mwamphamvu pa maola ochepa a pakati pa tsiku, ndipo masiku a mitambo ntchito imachepa. Maola asanu ndi limodzi aja achepetsedwe molingana.

Liwiro ndi Mapule

Chigayo chabwino ndi injini yabwino zingathe kukanika kugwirizana chifukwa cha mapule. Lamulo lake ndi ili: kukula kwa pule ya injini kuchulukitsa ndi liwiro la injini kufanane ndi kukula kwa pule ya chigayo kuchulukitsa ndi liwiro la chigayo. Ngati injini imazungulira maulendo 2,200 pa mphindi ndipo chigayo chimafuna 3,300, pule ya injini ikhale yaikulu kamodzi ndi theka kuposa ya chigayo, monga masentimita 21 ndi 14. Mota za magetsi zofala ndi za mitundu iwiri, ya maulendo pafupifupi 1,450 ndi ya pafupifupi 2,900. Munthu akasinthanitsa mota osasintha mapule, liwiro la chigayo limachepa ndi theka kapena kuwirikiza kawiri. Likachepa, chigayo chimatsamwa. Likapitirira, mabering'i amapsa ndipo nyundo ingathe kuduka ndi kuboola chigayo. Wopanga chigayo anene liwiro limene anachipangira, ndipo lilembedwe pa khoma.

Chokonolera ndi Mbewu Zina

Kumadera ambiri a Malawi, kum'mawa kwa Zambia ndi ku Tete, amayi amakonda ufa woyera koposa mgaiwa. Chimanga chimayamba chakonoledwa, mphale imaviikidwa masiku angapo, imaanikidwa, kenaka imagayidwa. N'chifukwa chake mbewu za MH17 ndi MH18, zimene akatswiri a ku Chitedze anatulutsa mu 1990 mogwirizana ndi bungwe la CIMMYT, zinalandiridwa bwino: njere zake ndi zolimbirapo ndipo siziphwanyika kwambiri pokonola. Kwa mwini chigayo phunziro ndi lakuti m'madera otere chigayo chopanda chokonolera chimataya anthu, popeza mayi safuna kukonoletsa kwina ndi kugayitsa kwina.

Wongoyamba kumene sayenera kugula injini yaikulu yoti iyendetse makina onse awiri nthawi imodzi. Injini imodzi ya msinkhu wa chigayo ingathe kuyendetsa chokonolera ndi chigayo mosinthana, malinga nthawi yokonola yawerengeredwa pa maola a tsiku. Ntchito ikadzakula, adzagula injini yachiwiri, ndipo imodzi ikaonongeka inayo idzapitiriza. Madeya nawonso ndi chuma. Mwini agwirizane ndi anthu kuyambira pachiyambi kuti madeya ndi a yani.

Mphale youma bwino imagayika mosavuta kuposa chimanga chosakonola, koma yosauma imamata sefa. Chimanga chokagayitsa chikhale chouma monga chosungira m'nkhokwe, chinyezi chake chisapose magawo 13 pa 100. Makaka a chinangwa ndi ofewa ndipo safuna mphamvu zambiri, koma fumbi lake ndi lochuluka. Kumadera a mapira ndi mchewere, chokonolera cha chimanga sichigwira bwino njere zazing'onozi. Kumeneko kumafunika chokonolera cha miyala yopala, chonga chimene bungwe la Rural Industries Innovation Centre la ku Kanye, m'dziko la Botswana, linakonza chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970 ndi thandizo la bungwe la IDRC la ku Canada.

Nyumba, Zida ndi Chitetezo

Ndalama zonse zisathere pa makina. Chigayo chimafuna maziko a simenti okhala ndi mabauti, pakuti chogwedezeka chimadya mabering'i ndi kung'amba zowotcherera. Nyumba ikhale ndi mazenera opitisa mphepo, ndipo mpope wa utsi utulukire kunja, kutali ndi pamene amayi amadikira. Ngati n'kotheka, injini ikhale m'chipinda chake.

Mwini akhale ndi masipanala, chopopera girizi, sefa wapadera, malamba apadera ndi nyundo zina. Nyundo ikatha ngodya imodzi imatembenuzidwa, ndipo zonse zitembenuzidwe kapena kusinthidwa nthawi imodzi. Nyundo zoyang'anana zikhale zolemera mofanana, apo ayi chigayo chimanjenjemera. Nyundo zosulidwa ndi chitsulo chofewa zimatha msanga, ndipo chitsulo chimene chaperesekacho chimathera mu ufa wa anthu. Pa njira yolowera chimanga paikidwe maginito wogwira misomali, ndipo amayi alimbikitsidwe kupeta chimanga kuti miyala isang'ambe sefa.

Malamba ndi mapule zitchingidwe ndi chotchinga chachitsulo, chifukwa chitenje kapena mkono wa malaya zikakodwa, munthu amaduka mkono kapena kufa kumene. Ana asaloledwe kufika kumene kuli injini. Wogayitsa avale zotseka m'makutu ndi chotchinga pamphuno, popeza phokoso ndi fumbi la tsiku ndi tsiku zimagonthetsa ndi kudwalitsa chifuwa. Pasakhale wosuta fodya m'chigayo, pakuti fumbi la ufa limayaka.

Zoyenera Kuchita Tsiku Logula

Safunsa anadya phula. Wogula apite kwa wogulitsa atanyamula thumba la chimanga chake cha makilogalamu 50 ndi wotchi, ndipo achite izi:

1. Apemphe kuti chimangacho chigayidwe iye akuona, ndi sefa amene adzagwiritse ntchito kumudzi. Chigayo cha makilogalamu 190 pa ola chiyenera kumaliza thumbalo pa mphindi pafupifupi 16.

2. Agwire ufawo. Ukhale wofunda chabe, osati wotentha. Ndi bwino kupita ndi mayi wodziwa nsima kuti aone kusalala kwake.

3. Ayese ufawo pa sikelo kuti aone umene watsalira m'kati kapena kuuluka.

4. Akhudze nyumba za mabering'i chigayo chitazimitsidwa, ndipo amvetsere ngati chinali kunjenjemera.

5. Afunse kumene sefa, nyundo, malamba ndi zipangizo za injini zimapezeka. Zikhale zopezeka pa ulendo wa tsiku limodzi. Amene akugula kutsidya kwa malire aonetsetse kuti zipangizo za mtundu umenewo zimapezekanso kwawo, ndipo afunsiretu za msonkho wa pa chipata.

6. Akacheze ndi munthu amene wagwiritsa ntchito chigayo cha mtundu womwewo kwa chaka chathunthu.

7. Alandire risiti yolembedwa nambala ya injini ndi lonjezo la wogulitsa. Pa makina ogwiritsidwapo kale ntchito, apite ndi makaniko wake.

Mau Otsiriza

Mlangizi sayenera kukhala mmisiri wa makina kuti athandize pa nkhani imeneyi. Chimene wogulitsa alibe, mlangizi ali nacho: amadziwa chiwerengero cha mabanja, miyezi imene nkhokwe zimatha, ufa umene amayi amakonda, ndi mlatho umene umakokoloka mvula ikagwa. Wina akadzabweranso kudzafunsa za chigayo, musamutumize kusitolo tsiku lomwelo. Tengani pepala, werengani naye mabanja, pezani ndowa za pa tsiku, ndipo muone ngati ndowazo zingalipire ngongole ngakhale m'mwezi wa Febuluwale. Zikakwana, apite akagule cha msinkhu umene mwapezawo. Zikapanda kukwana, muuzeni mosabisa kuti adikire kapena afune malo ena.

Alangizi amene m'madera mwawo muli zigayo akupemphedwa kuyesa ndi wotchi nthawi imene ndowa imodzi imatenga, ndi kulemba mphamvu ya injini, kukula kwa sefa ndi mtundu wa chimanga. Nambala zoyesedwa pamalo pomwepo ndizo zidzathandize alimi a dera lanu koposa zimene zalembedwa muno.